Ulusi Wofiira wa Atate

Atate ankamanga ulusi pa timapaipi ta injini ya galimoto yawo yakale, kuti kapaipi ndi polowera pake zikhale ndi mtundu umodzi. Ulusiwo ankautenga pa makina osokera a amayi.

Atamwalira, amayi anaganiza zoigulitsa, ngakhale ine sindinafune. Wogula wochokera ku Kabwata anailiza pabwalo pathu ku Chelstone. Injini inanjenjemera, petulo akununkha.

"Amayi, iyi yatha," anatero wogulayo, akubweza makiyi.

Ndinatsegula boneti. Kapaipi kobwezera mpweya wa petulo mu injini kanali kulendewera, kali ndi ulusi wofiira. Ndinapeza ulusi wofiira unzake, n'kukalowetsa pamenepo. Injini inakhazikika.

Anaitenga tsiku lomwelo. Ndikanasiya boneti chitsekere, bwenzi galimotoyo ili pabwalo mpaka lero. Amayi sanatuluke kudzaiona ikupita.