Kuonda kwa Rosina wa ku Kapata

Ku msika wa Kapata, m'tauni ya Chipata, kunalibe amene sankamudziwa Rosina Sakala, mayi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pafupi ndi mpopi. Anali ndi benchi yakeyake ya matabwa okhuthala, chifukwa mipando wamba inkathyoka akakhalapo. Anabadwira ku Chiparamba, kubanja la alimi a thonje, ndipo anzake a paubwana amati ali mtsikana ankathamanga kuposa anyamata. Thupi linabwera atabereka mwana wake mmodzi yekhayo, Tiyamike, ndipo chaka ndi chaka linkangowonjezeka.

Mwamuna wake, Alfonsi, ankayendetsa lole pa msewu wa ku Lusaka. Mu 1993 anayamba kutsokomola, anaonda mpaka mathalauza ake kumangidwa ndi chingwe, namwalira mvula isanagwe. Pamaliro palibe anatchula dzina la matendawo, koma aliyense ankadziwa. Chichokereni kumanda, maso a anthu anali pa Rosina, kudikira kuti nayenso ayambe kufota. Sanafote. Amayi a pamsika ankamugwira mkono n'kumati, "Amake Tiya, inu Mulungu anakulambalalitsani. Taonani thupi!" Masiku amenewo kunenepa kunali umboni wakuti munthu ali bwino, ndipo Rosina anaukakamira umboniwo.

Koma thupilo linkamupha pang'onopang'ono. Mawondo ankawawa, mpweya unkamuthera akangoyenda kuchoka kunyumba kufika kumsika, ndipo mimba inalendewera mpaka m'ntchafu, pansi pake n'kumatuluka zilonda. Kenaka pamchombo panatupa chotupa chachikulu ngati papaya. Tiyamike, amene tsopano anali namwali, anamukakamiza kupita ku chipatala cha mishoni kunja kwa tauni.

Dokotala anamupima, nanena mosabisa. "Amayi, matumbo aboola mnofu wa pamimba. Tiyenera kung'amba, kuwabwezera m'malo mwake, ndi kudula mafuta alendewerawa. Koma muyambe mwachepetsa thupi kwambiri. Mmene mulilimu, mtima wanu sungapirire mankhwala ogonetsa."

"Ndionde?" anafunsa Rosina. "Adokotala, mukudziwa mmene anafera bambo a mwanayu?"

Dokotala anati ngati nkhawa ili pamenepo, amuyeze magazi. Rosina anakana, kenaka anavomera. Magazi anapezeka alibe kachilombo. Tiyamike analira ndi chimwemwe, koma mayi ake anangopukusa mutu. "Ku Kapata sayeza magazi, mwanawe. Amayeza ndi maso."

Mpeni nawonso ankauopa. Anali atamva za anthu amene anagonekedwa tulo osadzukanso, ndipo akaganiza zovulidwa pamaso pa anthu achilendo, thupi lonselo lili pamtetete, ankamva manyazi oposa ululu. Choncho anabwerera pabenchi yake, namanga pamimba ndi chitenje cholimba, n'kukhala chete chaka chonse.

Tsiku lina masana, akumasula belo la zovala, chotupacho chinauma gwa. Anasanza, nagwera pa mulu wa malaya. Amuna amene anayesa kumunyamula analephera, mpaka anachita kumukwezera pangolo ya ng'ombe yomwe inabwera ndi makala, msika wonse ukuonerera. Kuchipatala dokotala anakankha matumbowo ndi manja mpaka anabwerera, koma anachenjeza kuti ulendo wina akhoza kupotana n'kuola.

"Amama," anatero Tiyamike atakhala m'mphepete mwa bedi, "atate ndinawaika m'manda. Ndikuikeninso inu chifukwa choopa pakamwa pa anthu?"

Rosina anatembenukira kwa mwana wakeyo. "Kawauze adokotala ndavomera."

Anasiya vitumbuwa, anasiya tiyi wa shuga wambiri amene ankamwa tsiku lonse, nayamba kuyenda m'mawa uliwonse, poyamba mpaka pamphambano, pambuyo pake mpaka kutchalitchi. Miyezi itapita masaya anagwa, khungu la m'mikono linayamba kukupiza. Mpweya unabwerera, koma makasitomala anayamba kulambalala. Sesiliya, mnzake wogulitsa naye moyandikana amene kwa zaka zambiri ankamwera naye kapu imodzi, anayamba kubwera ndi kapu yake. Rosina akafotokoza za opaleshoni, anthu ankangoti, "Eya, pepani," uku akuyang'anizana.

Chimene chinamuthyola mtima ndi nkhani ya Tiyamike. Mtsikanayo anali pa chibwenzi ndi Matiyasi, mphunzitsi wa ku Madzimoyo, ndipo ankhoswe anali atakumana kale. Amalume a mnyamatayo atabwera kudzacheza n'kumuona Rosina, anakana madzi akumwa amene anawapatsa, nanena kuti ukwati uyambe wadikira, aone kaye mmene zinthu ziyendere pakhomopo. Matiyasi anabwerako kamodzi, akuyang'ana pansi. Sanabwerenso.

Tsiku limene anamva kuti mnyamatayo watomera wina, Rosina anagula vitumbuwa thumba lodzaza, nakhala pakhonde n'kumadya misozi ili chuchuchu.

"Ndinenepenso, mwina abwerera," anatero Rosina, Tiyamike atamupeza.

"Sabwerera, amama," anayankha mwanayo, nachotsa thumbalo mwakachetechete. "Tataya kale. Tisataye pawiri."

Opaleshoni inachitika mu 1996, nyengo yozizira. Akumukankhira kuchipinda chong'ambira, Rosina anagwira korona yake yopempherera mwamphamvu mpaka anamwino anachita kumupempha kuti aisiye. Mantha sanathe, analowa nawo. Anadzuka madzulo pakhosi pali gwa, mimba yomangidwa mabandeji. Dokotala anati zayenda bwino, ngakhale chilonda chinatenga nthawi kupola chifukwa chinachita mafinya mbali imodzi.

Atabwerera ku Kapata anapeza malo ake kumsika apatsidwa munthu wina. Akuluakulu a msika anati ankaganiza kuti satulukanso m'chipatala. Anayesa kuyala zovala m'mbali mwa msewu, koma ndani akanagula malaya m'manja mwa mayi amene onse ankati akutsata mwamuna wake? Mapeto ake anatseka nyumba, napita kukakhala ndi mng'ono wake Yosefina ku Chiparamba. Tiyamike anakwera basi ya ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba. Sanawanenerepo mayi ake mawu oipa ngakhale amodzi, koma sankabwera kawirikawiri, ndipo akabwera sankapita kutauni.

Kumudziko Rosina anayambanso kugwira khasu. Ankawerama, ankatunga madzi, ankafika kudimba osapuma panjira, zinthu zimene anali ataiwala kuti thupi limatha kuchita. Komabe kuseka kwake kuja, kumene kunkamveka mbali ina ya msika, sikunamvekenso.

Chaka chotsatira Yosefina anapita ku Chipata kukagula feteleza, nabwerako nkhope ili yakugwa. Anapeza mkulu wake akuswa mtedza pamphasa.

"Asisi, ndakumana ndi a Sesiliya. Anandigwira dzanja kundipepesa maliro anu. Akuti ku Kapata anamva kuti munatisiya nthawi yokolola."

Rosina anaima kuswa. "Iwe unawauza chiyani?"

"Ndinati muli moyo, mukulima."

"Anakhulupirira?"

Yosefina anakhala pansi. Anakoka lichero, nayamba kuthandiza mkulu wake kuswa mtedzawo.