Aneba athu a manambala a matenda

Aneba athu kuno mumzinda wa Daegu ndi mayi ophunzira zedi. Kuchipatala ntchito yawo ndi kupatsa nthenda iliyonse nambala yake, moti sakupatsa moni asanakuyang'ane khungu. Mawu awo ndi amodzi: "Nambala sinama."

Sabata yatha mwana wanga Da-som anamubweza kusukulu ya mkaka chifukwa chodzikanda, ati mwina ndi mphere. Ine ndi mwanayo titakumana ndi anebawo m'chikepe, ndinawaonetsa kalata ya adokotala, momwe munali nambala ya nthendayo.

"Amake Da-som, nambala iyi ndi ya kuyabwa wamba, kosapatsirana! Aphunzitsiwo ndi mbuli."

"Ndiye mundisungireko mwanayu mawa, mayi, kuntchito angandichotse."

Da-som anawagwira dzanja mokondwa. Akatswiri athuwo anatsikira pansanjika yachitatu, nsanjika khumi ndi imodzi zotsala kuti afike kwawo n'kukwera wapansi pamasitepe.