Pakamwa pa mono

Fungo la mlaza woviikidwa m'madzi likandipeza, kaya ndili kuti, ndimawaona ambuye anga aamuna, a Sakala, atakhala pansi pa mtengo wa mchenja kwathu ku Chinzombo, miyendo atatambasula, mabango ong'alula ali mbwee pambali pawo, utsi wa nsomba zimene ambuye aakazi ankawamba ukutilowa m'maso, mvuu zikulira ku Luangwa uko. Ankaluka mono wogwirira nsomba, ndipo poluka sankafuna phokoso.

Pa adzukulu onse anasankha ine. "Iwe Yohane, zala zakozo n'zazitali ngati za nyani, bwera uzigwiritse ntchito." Anandiphunzitsa kusankha bango lokhwima, kuling'alula, ndi kumanga thupi la mono mpaka kumchira. Ndikalakwitsa ankamasula zonse, ine misozi ili lengelenge. Koma akafika pakamwa pa mono, paja nsomba imalowa n'kulephera kutuluka, ankandifulatira. Anali ndi kamangidwe kawokawo kochokera kwa amalume awo, ndipo ankati mwana saonetsedwa pakamwa manja asanakhwime. "Ukamaliza giledi seveni ndidzakuonetsa."

Ndinamaliza, ndinakhoza, ndinapita kusekondale ku Chipata. Pa tchuthi choyamba anandiitana, mlaza ataviika kale m'beseni. Ine ndi nsapato zanga zatsopano ndinati, "Ambuye, ndidzaphunzira tchuthi chinacho, anzanga akundidikira ku Mfuwe." Anangoti, "Chabwino, a sukulu," n'kutaya madzi aja pansi. Kupusa kwanga ine! Mvula ya chaka chomwecho isanathe tinawaika m'manda. Anzawo oluka anatsatira mmodzimmodzi, ndipo anyamata a masiku ano amangoponya ukonde.

Chaka chatha ndinapuma kuntchito kuloji yogonako alendo, n'kupita ku Lusaka ndi mwana wanga wamkazi Tisa. Ndanyamula zikwama za alendo zaka zambiri, ndiye ndinati nanenso ndikhaleko mlendo wokaona zinthu. Cha m'ma teni awazi m'mawa tinalowa m'nyumba yosungiramo zakale za dziko lathu. Tinaona ng'oma, mikondo, makasu osula pamanja, zithunzi za omenyera ufulu, Tisa akujambula chilichonse ndi foni. Kenako pakona, m'kabati yagalasi, ndinaona mono. Mfundo zake za mlaza zinali zopotokera kumanzere, ndendende mmene ambuye ankamangira, ndipo kapepala kanali pansi pake kanati unachokera kuchigwa cha Luangwa.

Ndinagwada anthu akuona kuti ndisuzumire m'kati. Aa! Anaugoneka moonetsa kukongola kwa thupi lake, pakamwa pataloza kukhoma.

Ndinapita kwa mayi wina woyang'anira mmenemo. "Muli bwanji amayi? Chonde, mungandiutembenuzireko pang'ono chabe? Ndingoona pakamwa."

"Pepani atate, galasi ili sititsegula."

Ndinawafotokozera za ambuye. Anamva chisoni mayi aja, anagwada nane n'kuunikira ndi foni yawo cha m'mbali, koma tinangoona chithunzithunzi cha mabango. Ndinakhala pamenepo mpaka Tisa anandikoka malaya. "Adadi, tiyeni, anthu akutiyang'ana."

Tili m'basi pobwerera anandifunsa ngati ndingamuphunzitse kuluka. Ndinavomera msangamsanga, osaganiza. Chifikireni takhala tikuluka pakhonde Loweruka lililonse, ndipo mwanayu ali ndi manja, amaposa mmene ine ndinkalukira ndili mwana. Sabata yatha anamaliza thupi lonse, n'kundipatsa mono wakewo akumwetulira.

"Nanga apa pakamwa timatani, adadi?"

Ndinaugwira nthawi yaitali, ndikuutembenuza uku ndi uku. Kenako ndinamuuza zoona, kuti sindidziwa, kuti tsiku limene ambuye anandiitana ndinali ndi changu chopita kwa anzanga. Anzangawo lero ngakhale mayina awo sindiwakumbuka. Ndimawasowa ambuye, ndimawasowa kwambiri, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti masana amodzi okha akanakwana.