Mphaka wa Pansi pa Matabwa

Taganizani m'mawa wamba pasukulu yathu, ana asanafike. Amayi osesa aika tsache pansi, akhala panjerwa kuseri kwa chipinda cha mabuku, atafulatira mulu wa matabwa akale. Pansi pa matabwawo pagona mphaka wakutchire amene anachekeka mwendo pa waya waminga.

Mphakayo sankadya munthu akumuyang'ana, n'chifukwa chake amayiwo ankamufulatira. Mankhwala a kwa dokotala wa ziweto ankawapera ndi supuni n'kusakaniza m'chakudya, kenaka ankakankha mbaleyo ndi tsache. Atayesa kumuphimba ndi thumba kuti amunyamule, mphakayo anawakanda dzanja n'kusowa mpaka njala itamubweza.

"Amayi, mlendo wanuyu ngwamwano, ngakhale zikomo alibe," mlonda ankawaseka.

"Nanga inu achimwene, tiyi wanga uja munathokozapo liti?"

Balalo silinapole. Mvula itayamba, amayiwo anafolera matabwa aja ndi pulasitiki, ndipo ine ndinapempha ana a m'kalasi mwanga kuti azidutsa pamenepo mwakachetechete. Anamvera. Tsiku lina amayiwo anapeza mbale ili chidzazire, mphakayo atafa. Anamugwira koyamba pomukulunga m'nsalu kuti akamukwirire.

Mphakayo anali atatha nyengo yonse ya mvula ali pouma, akudya tsiku lililonse.