Mbale Zisanu ndi Ziwiri za Che Alubeto

Ku Nkope tinkawatchula Che Alubeto, ngakhale kuti pa khadi lawo la anthu othawa nkhondo panalembedwa Alberto. Anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, amene ankayanika usipa pa thandala za anthu ena. Ambiri sitinkadziwa kuti manja omwewo ankatha kumasula wailesi yakufa n'kuiyankhulitsa. Nkhani yawo ndinayamba kuimva kwa akazi awo, mayi Lusia, tsiku lina tikudikira kuchigayo, ndipo zotsalazo anandiuza eni ake atakalamba.

Kwawo kunali ku Cuamba, ku Mozambique. Kumeneko ankagwira ntchito kwa wamalonda wina dzina lake Hafiz, yemwe kuseri kwa sitolo yake kunali chipinda choonetseramo kanema. Mbale wake wa Hafiz amene ankakhala ku Ulaya anamutumizira makina achilendo, osalowetsa kaseti koma mbale zazikulu ngati za galamafoni, zonyezimira ngati kalilole. Mbalezo zinalipo khumi ndi ziwiri, iliyonse m'chikuto chake cha pepala lolimba, ndipo zinkakhala m'kabati yagalasi. Wololedwa kuzikhudza anali Alberto yekha, naye pogwira m'mphepete mokha. Hafiz ankakonda kunena kuti, "Ukagwetsa imodzi, wagwetsa ng'ombe."

M'mawa wina m'chaka cha 1987, Alberto anatenga mbale zisanu ndi ziwiri kupita nazo kuchipinda chosungiramo katundu kuti akazipukute. Ali komweko mfuti zinayamba kulira kumsika. Anadzipanikiza kuseri kwa matumba a mchere, ndipo pa mng'alu wa chitseko anaona zigawenga zikulowa m'sitolo. Pakati pawo panali munthu wamtali wosavala zausilikali, wopanda mfuti. Iyeyu ndiye ankaloza zoti zitengedwe. Anaima pa kabati ija, n'kugogoda galasi ndi mphete ya kuchala chake chaching'ono katatu, kenaka kawiri, ngati munthu woganiza. Analamula kuti anyamule makina ndi mbale zisanu zimene zinalimo. Kenaka ananena mwaulemu kuti bwana wa sitolo atuluke naye panja akambirane. Alberto anamva kulira kwa mfuti kamodzi kokha.

Phokoso litachepa anathawa ndi mbale zija m'manja. Sanaganize n'komwe, anangozindikira ali kunyumba atazikumbatira pachifuwa, utsi ukufuka kusitolo kuja. Mayi Lusia anazikulunga m'chitenje n'kuziika pansi pa dengu la makaka, ndipo anayenda m'tchire masiku asanu ndi anayi mpaka kutulukira ku Chiponde.

Zaka zitatu anakhala kumsasa kufupi ndi Namwera, akulandira ufa ndi nandolo, akulima ganyu m'minda ya fodya. Mbalezo zinali m'denga la udzu. Mayi Lusia ankati azitaye m'chimbudzi, chifukwa anthu akaziona adzati ndi zida za ukazitape. Alberto ankangoti, "Izi ndi ng'ombe zathu, mayi. Mwini khola adzapezeka." Koma m'dera lonselo munalibe munthu amene anaonapo makina ake.

Mu 1990 anatsikira ku boma la Mangochi. Alberto anapeza kabenchi kumsika n'kuyamba kukonza mawailesi, ndipo mbiri yawo inamveka mpaka ku Mpondasi ndi ku Makawa. Asodzi ankabweretsa mawailesi olowa madzi, iwo n'kuwaumitsa padzuwa, kupukuta ndi sipiriti, wailesi n'kuyamba kuimba. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi Che Omari, mwini nyumba ya vidiyo pafupi ndi depoti ya basi, munthu wansangala amene pakamwa pake sipankasunga kanthu. Tsiku lina atawakonzera makina a vidiyo, Alberto anawaonetsa mbale imodzi.

Che Omari anaizunguza, anadziyang'anirapo, n'kuseka. "Aka n'kanema? Mukundinamiza inu. Aka n'kometera ndevu."

Anaseka, komabe anakanena ku Limbe kwa anthu amene ankagulako makaseti. Patapita milungu itatu anabwera kubenchi akupuma mothamanga.

"Che Alubeto, mwalemera! Kuli munthu akufuna zinthu zanu zija. Akuti azungu a ku Joni amazisonkhanitsa ngati masitampa. Imodzi mwa izo, ya chikuto chobiriwira, akuti zinapangidwa zochepa kwambiri, kampani yake inagwa. Akuti akupatsani faifi handiredi kwacha."

Nthawi imeneyo mphunzitsi sankalandira ndalama zotere ngakhale pa miyezi itatu. Alberto anafunsa kuti, "Wadziwa bwanji kuti ndili ndi ya chikuto chobiriwira? Ine ndinakuonetsani yofiira."

Che Omari anakanda m'mutu. "Kaya. Mwina amangodziwa. Ndi anthu a bizinesi amenewa."

Munthuyo anafika Lachiwiri masana pa galimoto yoyera. Anati dzina lake ndi Carlos. Anali wamtali, wonenepa pang'ono, wovala malaya osita bwino, ndipo anapereka moni m'Chiyao, kenaka m'Chipwitikizi. Alberto sanamuzindikire nkhope, poti tsiku lija anamuona cham'mbali. Anakambirana bwinobwino. Carlos anati amagula zinthu zakale kwa anthu othawa nkhondo, mawotchi, makamera, ndalama zachitsulo, n'kukazigulitsa kunja. Anafotokoza kuti mbale yopanda chikuto mtengo wake umatsika ndi theka, yokalika ndiye ilibe ntchito, ndipo zikakhala zonse pamodzi mtengo umakwera kuposa kugulitsa imodziimodzi.

"N'chifukwa chake ndikuzifuna," anatero. "Zinalipo khumi ndi ziwiri. Zisanu ndili nazo kale, ndi makina omwe."

Polankhula choncho anaweramira pa kabokosi kagalasi kamene Alberto ankasungiramo mabatire, n'kugogoda ndi mphete ya kuchala chaching'ono. Katatu, kenaka kawiri.

Alberto anandiuza kuti pamenepo msika wonse unangoti zii m'makutu mwawo. Ankaona milomo ya amayi ogulitsa chambo ikuyenda koma osamva kanthu. Sikuludiraiva inali m'manja inagwa, ndipo sanathe kuwerama kuti aitole.

"Mukudwala, akulu?" anafunsa Carlos.

"Malungo," anayankha. "Mbalezo zili kutali, kwa achibale ku Namwera. Mundipatse masiku."

"Ndibwera Lachisanu. Ndipo tisavutane, ndifika pa wani sauzande faifi handiredi." Anamwetulira. "Mumakhala kuseri kwa mzikiti uja wa njerwa zosapaka, eti? Nyumba ya chitseko chabuluu. Ndaona mayi akuanika zovala."

Masiku atatu amenewo Alberto sanadye. Kupolisi sakanapita. Masiku amenewo kanema aliyense ankayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo mlendo wochoka kumsasa popanda kalata, wopezeka ndi akanema osadziwika, akanayamba ndi iyeyo kufunsidwa mafunso. Ndiponso akananena chiyani? Kuti wazindikira munthu ndi kagogodedwe ka mphete? Kuthawa nakonso kunali kovuta. Mwana wawo wamkazi Amida anali ndi miyezi inayi, ndipo ku Namwera kunkamveka nkhani za anthu otengedwa masana m'minda yakumalire osaonekanso. Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu wa kumsika, Alberto ankabisa nkhope m'wailesi imene ankakonza. Lachitatu anawotcha waya wa wailesi ya munthu wina chifukwa maso anali kumsewu. Lachinayi galimoto yoyera ija inaima tsidya la msewu kwa ola lathunthu, munthu osatsikamo, kenaka inapita.

Alberto anati angozitaya mbalezo mu Shire pa buliji. Mayi Lusia, amene kale ankati zitayidwe, ndi amene anakana. "Mukataya adzati mwabisa. Mupatseni zonse, ngakhale ulere. Koma mumsika, anthu akuona. Ndipo ine ndidzakhalapo."

Lachisanu anasankha nthawi imene anthu amatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma, pamene msika umadzaza ndi amuna ovala mikanjo yoyera. Carlos anabwera ndi Che Omari, amene ankayembekezera kangachepe kawo. Mayi Lusia anaima pambali ndi mwana kumsana. Carlos anatulutsa mbale imodziimodzi, kuigwira m'mphepete monga mmene Alberto ankachitira, n'kuiyang'ana padzuwa. Zinayi zinali ndi madontho abulauni m'kati, chifukwa cha kutentha ndi chinyezi cha m'denga. Anaziika pambali. Atafika pa ya chikuto chobiriwira anaiyang'anitsitsa mbali zonse ziwiri. Inalibe banga ngakhale limodzi.

Osadzutsa mutu anafunsa m'Chipwitikizi, motsitsa mawu, "Munkagwira ntchito kwa Hafiz?"

"Eya, bwana."

"Tsiku lija munali kuti?"

"Kumunda. Ndinabwera zonse zitatha. Izi ndinazitola m'phulusa."

Carlos anatembenuza chikuto chobiriwiracho, n'kuchinunkhiza. "Sitolo ija inapsa yonse mpaka malata anapindika. Pepala ili silinaone utsi." Tsopano anawayang'ana m'maso. "Ndiye kuti munazitulutsa moto usanayambe. Ndiye kuti munali m'katimo."

Alberto anaona dzanja la Carlos likutsetsereka pang'onopang'ono kulowa m'thumba la buluku.

Apo mayi Lusia anakuwa, m'Chichewa, mokweza kuti aliyense amve. "Nenani zoona inu! Mukuchita manyazi chiyani lero? Anaba, bwana! Mwamuna wangayu ndi wakuba. Anaziba kwa bwana wake kutatsala sabata yathunthu, n'kuzikwirira m'nkhokwe mwanga. Anamuchotsa ntchito chifukwa cha zomwezi. Tsiku la nkhondolo anali gone kumudzi ataledzera kachasu, ine ndi amene ndinamukoka mwendo kuti tithawe. Wakuba uyu, ngakhale mawaya a m'mawailesi a anthu amasinthanitsa!"

Anthu anaima. Ogulitsa nsomba anasiya kuitanira malonda. Bambo wina amene wailesi yake inali pabenchipo anasendera pafupi. Alberto, amene sanalawepo mowa moyo wawo wonse, anazyolika n'kunena kuti, "N'zoona, bwana. Ndinaba."

Carlos anayang'ana mayiyo, anayang'ana khamu la anthu, kenaka anaseka kwambiri mpaka kupukuta misozi. Dzanja linatuluka m'thumba ndi kachikwama ka ndalama. "Ndiye wakuba satchula mtengo," anatero. Anaponya handiredi kwacha pabenchi, anasonkhanitsa mbale zonse zisanu ndi ziwiri, zowonongeka zomwe, n'kupita ku galimoto yake. Ngati m'thumbamo munali china, palibe anachiona.

Galimoto isanakhote n'komwe, bambo uja ananyamula wailesi yake ili chimasulire. Pofika Lolemba eni mawailesi onse anali atadzatenga katundu wawo, ena akuwerenga mabatire pamaso pawo. Ana ankati akadutsa pabenchipo amaimba kanyimbo ka wakuba. Che Omari anakhala miyezi osawapatsa moni, pokwiya kuti anawachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Alberto sakanatha kudziyeretsa, chifukwa mawu akanayenda mpaka ku Limbe n'kumufika Carlos. Pakutha kwa mwezi anagulitsa benchi ndi zipangizo zonse, n'kukwera lole ya nsomba kubwera kuno ku Nkope, kumene mayi Lusia anali ndi msuweni wawo wokwatiwa ndi msodzi.

Patapita zaka ziwiri Che Omari anabwera kudzagula utaka, ndipo anawapeza pa thandala. Mkwiyo unali utatha. Anati amva kwa anzawo a ku Limbe kuti ya chikuto chobiriwira ija yokha inagulidwa ku Joni ndi ndalama zokwana boti la injini ndi khoka lake la chilimira. "Munapusitsidwa, Che Alubeto. Mukanalimba mtima pang'ono."

Alberto anangofunsa kuti, "Munthuyo amabwerabe ku Limbe?"

"Amabwera. Nthawi zina amakufunsani."

"Mumuuze kuti ndinabwerera kwathu."

Sanabwerere. Mu 1994 mabasi atabwera kudzatenga anthu othawa nkhondo, anzawo ambiri a ku Namwera anakwera akuimba, koma iwo anati sangakakhale m'tauni imene angakumane ndi munthu uja pamsewu atavala tayi. Anakhala nafe, anabereka ana ena awiri, anaphunzira Chiyao mpaka kumatanthauzira ena miyambi. Nkhaniyi anayamba kuifotokoza cha m'ma 2003, ndipo ngakhale pamenepo ankayamba ayang'ana kumsewu. Anamwalira mu 2006 ndi chifuwa, tinawaika kumanda a kumtunda kwa sukulu.

Mayi Lusia alipo, amakhala kwa Amida ku Makawa. Nditawafunsa kuti mawu aja anawakonza liti, anati sanakonze, anangoona dzanja likulowa m'thumba. Chimene chimawawawa mpaka lero ndi cha mawaya a m'mawailesi. "Pamenepo ndinapitirira," anatero. "Za kachasu zinali zokwanira."