Kochi Woponya Majezi Pansi

Mvula yoyamba ikagwa, bwalo limafuna chikwakwa, laimu watsopano wa mizere, ndi miyendo yosaopa matope. AKochi anaiona mvula yotereyi zaka makumi atatu ndi ziwiri ali ndi timu imodzi, ya fakitale ya sopo.

Anayamba ngati wotchinga kumbuyo. Bondo litathyoka anawapatsa wezulo, ndipo sanaisiyenso.

Anali ndi kasankhidwe kawokawo. Tsiku la masewero, m'chipinda chovalira chonunkha thukuta ndi mankhwala opaka, ankaponya jezi pamapazi pa amene amusankha, osanena kanthu. Wotsala ankangoyang'ana simenti. Ngakhale mwana wa mlongo wawo anaiyang'ana mpaka anasiya mpira.

"Malume, ndalakwanji?"

"Muno mulibe malume. Miyendo yakoyo ndi yopitira kumsika."

Wina anatha zaka zisanu ndi chimodzi osawerama n'komwe kutola jezi. AKochi anamutcha Benchi, anzake n'kumagwa ndi phwete.

Zikho zinabwera zinayi. Kenaka maso a aKochi anachita nkhungu, timu n'kutsikira kumchira kwa ligi. Apo n'kuti Benchi atakwera m'maofesi a fakitale, atamera mimba, atakhala wapampando wa timu. AKochi ankangofuna nyengo imodzi yokha, kuti asachoke timu ili pansi.

Loweruka loyamba la ligi, wapampando analowa m'chipinda chovalira ndi chikwama cha majekete atsopano a akuluakulu a timu. Anaponya limodzi pamapazi pa dokotala, lina pa wochapa majezi, lina pa wachiwiri wa aKochi. Chikwama chinatha. Osewera anazyolika, aliyense akumanga zingwe za nsapato zomangidwa kale.

"Bwana wapampando, langa lili kuti?" anafunsa aKochi.

"Madala, kodi inu munafotokozerapo munthu?"

"Mwana wanga, nyengo imodzi yokha. Bwaloli ndikulidziwa ngati chikhatho changa."

"Lero ndakhala mwana wanu? Nditchuleni dzina lija, anyamatawa asekeko." Palibe anaseka. "Kiyi wa chipinda cha mipira musiye patebulo. Mpirawo mukaonera kunja kwa waya."

Kiyiyo anali pamphete imodzi ndi wa kunyumba, ndipo mpheteyo inali itachita dzimbiri. AKochi anaikanula ndi chikhadabo, chikhadabo n'kung'ambika. Anayesa ndi mano otsalawo, aliyense akuyang'ana. Kiyi anazungulira pang'onopang'ono mpaka anatuluka. Anamupukuta pamalaya, n'kumuika patebulo.