Chitsime cha Mbuzi Chimene Sitinachipeze

Amayi Enifa Mthunzi, amene kuno ku Khuyu timangoti amake Dalitso, ndi mayi wamfupi wa mawu aakulu. Amalima chinangwa kuseri kwa nyumba yawo, amachiviika, kuchiyanika, n’kumagulitsa ufa wa kondowole. Ine ndinakwatiwa kuno kuchokera ku Yofu, ndipo tsiku loyamba kukhala pabwalo pawo kusenda chinangwa ndi amayi anzanga, ndinamva za Chitsime cha Mbuzi.

Iwo satha kugwira mpeni ali chete. Ankati chaka china cha chilala, mbuzi ya agogo awo inkabwera madzulo ndevu zili zonyowa. Agogowo anaitsatira mpaka anapeza madzi akutuluka pansi pa thanthwe, ndipo mudzi wonse unapulumuka. Ankanenanso za Mwala wa Belu, umene ukaumenya umalira ngati chitsulo, ndipo ndi umene unkaitana anthu kukagwa maliro. Ukafunsa kuti zimenezi zili kuti, ankaloza ndi mpeni osadzutsa mutu: “Kuseri kwa phiri uko.”

Ndinapemphapo malemu amuna anga, a Mathias, kuti akandionetse chitsimecho. Anangoseka n’kunena kuti, “Ndi patali pang’ono.” Sindinafunsenso.

Chaka chatha kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku Dedza, a Mclean. Anayambitsa zoti Loweruka lililonse masana akuluakulu azikumana pansi pa mtengo wa mango pasukulu, azifotokoza zakale, ana azimvera, kenaka zonse zilembedwe m’kabuku kotchedwa Mbiri ya Khuyu. Poti ndinafika Fomu 2 ndipo ndimalemba zooneka bwino, anandipempha kuti ndizikopera mu kope lalikulu. Chimwalirire a Mathias sindinkapita pagulu, koma ndinavomera chifukwa wolemba safunika kuyankhula.

Akuluakulu ena ankangotchula mayina a makolo awo n’kukhala pansi. Amake Dalitso akaimirira, ana ankasiya kutsinana. Pamasamba makumi awiri amene ndinalemba, khumi ndi limodzi anali awo. Anayamba kubwera atavala chitenje chatsopano, ndipo ana akakumana nawo panjira ankawaitana kuti “agogo a mbiri”. Ankawakalipira, koma ndinkaona kuti akukondwa.

Kenaka a Mclean anati kabukuko kakufunika zithunzi. Tipite kuseri kwa phiri akajambule chitsime ndi mwala pa foni yawo. Amake Dalitso anati mwendo ukuwawawa.

“Asavutike amayi,” anatero a Basil, msodzi amene anabadwira konkuno. “Ine ndikudziwa. Ndinamwapo madzi ake ndili mwana. Ozizira ngati a m’filiji.”

Tinanyamuka dzuwa la Okutobala lili pamutu, a Basil patsogolo ndi hamala ya m’boti. Anatifikitsa pathanthwe lina pafupi ndi mlambe. Panali pouma gwa.

“Ayi, si pano. Mlambe uja unali kumanzere.”

Tinatembenukira kumanzere. Tinapeza milambe itatu. A Basil anayamba kumenya mwala uliwonse ndi hamala, akutchera khutu. Yonse inkangoti phu.

“Mwamva? Uwu walirako pang’ono.”

“Walira ndi mkono wanu, achimwene,” anatero mayi wina, ndipo ana anagwa nako kuseka.

Tinazungulira mpaka tinatulukira panjira ya ku Chipyela. A Mclean anakhala pansi, kupukuta thukuta, n’kuyang’ana nyanja imene inkaoneka mbali iyi ndi mbali iyo.

“Koma ndifunseko,” anatero. “Pachilumba ngati chino, nyanja ili ponseponse, anthu angafe bwanji ndi ludzu mpaka kupulumutsidwa ndi mbuzi?”

Ine nkhaniyo ndinaimva zaka makumi awiri ndi zisanu, ndinaifotokozera mwana wanga Tione, ndinakaifotokozanso kwathu ku Yofu, koma funso limenelo silinandibwererepo. A Basil anati mwina chaka chimenecho nyanja inathawira kutali.

A Mclean ananena mofatsa kuti iwo sangalembe nthano n’kuitcha mbiri. Loweruka likudzalo amake Dalitso akationetse malowo. Apo ayi masamba awo achotsedwa, ndipo ana adzauzidwa chifukwa chake. Pofika Lachiwiri mawu akuti bodza anali atayamba kumveka kumadzi kochapira, ndipo pabwalo la amake Dalitso panalibe wobwera kudzasenda.

Ndinapita Lachinayi m’mawa, mpeni wanga m’manja. Tinasenda dengu lathunthu osayankhula. Sindinawaonepo ali chete chotero.

“Amake Tione,” anatero pamapeto pake, “mwabwera kudzang’amba masamba anga?”

“Ayi amayi. Ndangosokonezeka. Chitsimecho chilipo kapena palibe?”

“Chilipo. Nyamukani.”

Mwendo uja sunawawe. Anandikweza phiri lomwelo mpaka pamwamba, pamene gombe la ku Mozambique limaoneka bwinobwino, ndi mapiri ake kumbuyo. Analoza phiri lina la nsonga ziwiri.

“Kuseri kwa lija. Kuchokera kunyanja ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi.”

Anandiuza kuti anawoloka pa bwato nthawi ya nkhondo ya kutsidyako, Dalitso ali ndi zaka zinayi, bambo ake atasowa. Mwanayo ankalira tsiku ndi tsiku kuti abwerere kwawo. Ndiye anayamba kumuuza kuti kwawo n’konkuno, chitsime chija ndi mwala uja zili kuseri kwa phiri ili, adzapitako akakula. Mwana analeka kulira. Ana a anansi anamva, nawonso anafuna nkhaniyo. Akuluakulu amene anawalandira pagombe ankadziwa, koma sanafune kuwachititsa manyazi, ndipo ambiri a iwo anamwalira.

“A Mathias ankadziwa?” ndinafunsa.

“Si bambo awo anandipatsa malo ndikukhalawa? Ankadziwa.”

“Nanga a Basil anamwa madzi a kuti?”

“Basil?” Anaseka koyamba sabata imeneyo. “Ameneyo ankalimbirana mbale ndi Dalitso pakhomo panga. Anamwa a mumtsuko mwanga.”

Ndinatsika phirilo mutu uli balala. Sindinkadziwa ngati ndanamizidwa kapena ayi. Agogo a mbuzi aja ndinali nditazolowera kuwatchula kuti makolo athu a ku Khuyu.

Loweruka anthu anachuluka kuposa masiku onse. Amake Dalitso anabwera ndi chitenje chakale chogwirira ntchito. Anaimirira n’kunena zonse mwachidule, maso ali pa a Mclean, ngati akutchula mtengo wa ufa. Atatha anati, “Ng’ambani tsono. Koma musawauze anawa kuti mbuziyo kunalibe.”

A Basil anadzuka. “Ayi, ine sindikuvomera! Ndikukumbukira thanthwe lake, panali ndere zobiriwira!”

“Khala pansi iwe,” anatero amake Dalitso. “Ndere zimenezo ndinakuuza ndine.”

Anthu anaseka, kenaka anayamba kukangana. Ena ankati za kutsidya zikalembedwe kutsidya. Mayi wina anati agogo ake nawonso anachokera komweko kale nkhondo isanayambe, ndiye nawonso afufutidwe? Wina anati nkhaniyi yakhala ku Khuyu zaka pafupifupi makumi anayi, kuposa a Mclean amene sanathe ngakhale chaka. A Mclean ankangotembenuza kope lija, kulitsegula, kulitseka. Anandiyang’ana ngati ine ndingadziwe. Ndinayang’ana pansi.

Kenaka a Mclean anafunsa ana kuti, “Ndani mwa inu ankadziwa kuti ku Khuyu kunafika anthu othawa nkhondo?” Palibe anakweza dzanja. Anandipatsa kope lija masamba onse ali momwemo.

“Mayi, lembani pamwamba pa tsamba loyamba la amayiwa kuti: Izi zinawoloka nyanja ndi amake Dalitso.” Anatembenukira kwa iwo. “Ndipo sabata yamawa mutiuze za kuwolokako.”

“Imeneyo sinapse,” anayankha. “Mudikire.”

Mpaka lero sanaifotokoze, ndipo ndinawasiyira masamba awiri opanda kanthu. Lolemba lotsatira amayi anzanga anabwereranso pabwalo la amake Dalitso ndi mipeni. Mtsikana wina wokwatiwa kumene kuchokera ku Mbungo anafunsa kuti Mwala wa Belu uli kuti. Amake Dalitso anakweza mpeni, unayamba kuloza kuphiri lathu, kenaka unaima m’malere. Anauyang’ana ngati si wawo, n’kuutembenuzira kunyanja.

A Basil, ndamva, anapitanso okha kuseri kwa phiri ndi hamala yawo.